ULENDO WA M'ZIGAWO ZA CHINA: MBALE YA CAKUDYA IUZA MLENDO KUMENE WAFIKA

Pamene njanji ya TAZARA inali kumangidwa, kuyambira 1970 kufikira 1975, anthu a m'dziko lino anaona amisiri zikwi zambiri ocokera ku China, ndipo ambiri anangoganiza kuti onsewo ndi mtundu umodzi, wodya mpunga ndi timitengo tiwiri. Munthu amene wakwera sitima ndi kuyenda m'zigawo za dziko limenelo amataya ganizo lotere asanathe masiku atatu. Kuli anthu kumeneko amene cakudya cao ca tsiku ndi tsiku ndi tirigu, ena mapira, ena nyama ndi mkaka, ndipo munthu wa ku Guangzhou akalankhula cinenero ca kwao, wa ku Beijing samva kanthu.

Dzikoli nlalikulu kotero kuti Zambia angalowemo ka 12 malo nkutsalako. Kalembera wa 2020 anapezamo anthu oposa mamiliyoni 1,400. Boma la ku Beijing lilamulira zigawo 22, madera 5 a mitundu ing'onoing'ono amene amachedwa odziyang'anira okha, mizinda 4 imene iri pa mlingo wa cigawo, ndiponso Hong Kong ndi Macau. Cisumbu ca Taiwan bomali limaciwerenga monga cigawo ca 23, ngakhale kuti ciri ndi boma lakelake.

Koma malire amene mlendo amawaona pa windo la sitima sindiwo a pa mapu ai. Ndi malire a madzi. M'caka ca 1935 katswiri wina, Hu Huanyong, analemba mzere pa mapu kucokera ku Heihe kumpoto kufikira ku Tengchong kumwera ca kumadzulo. Mbali ya kum'mawa kwa mzerewo, kumene kumagwa mvula, ndi yocepera theka la dziko, koma mwa anthu 100 alionse 94 akhala kumeneko. Mbali inayo ndi mapiri, udzu ndi mcenga.

KUMPOTO KWA CISANU

Ulendo ungayambire ku Harbin, likulu la cigawo ca Heilongjiang, ca kumalire ndi Russia. Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke akafika kumeneko mu Ogasiti angaseke ndi cimwemwe, pakuti sitima imayenda maola ambiri pakati pa cimanga cokhacokha, pa dothi lakuda bii. Cigawo cimeneci ndico cikolola dzinthu zambiri kuposa zigawo zonse za China: cimanga, soya ndi mpunga. Komatu cimanga cambiri sicipita ku cigayo kukakhala ufa wa nsima. Cimadyetsedwa nkhumba ndi nkhuku.

Akabwerera mu Januwale sangapazindikire. Mtsinje wa Songhua umauma gwa, anthu nkumayenda pamwamba pake, ndipo nthaka imalimba ngati mwala kufikira mu Epulo. Motero alimi amabzala kamodzi kokha pa caka. M'midzi anthu amagona pa nsanja ya njerwa yochedwa kang, imene utsi wa moto wa kukhichini umapita kunsi kwake usanaturuke kunja. Nkhuni zimene zaphika cakudya ndizonso zifunditsa banja usiku wonse.

CIGWA CA TIRIGU NDI MTSINJE WACIKASU

Kucoka kumeneko sitima ilowera kumwera, kupyola Beijing, ndi kutsikira m'cigwa cacikulu ca zigawo za Hebei, Shandong ndi Henan. Kuno mbale yasintha. Anthu adya buledi woyera wophika ndi nthunzi, ndi cakudya ca ufa wa tirigu cooneka ngati zingwe. Munda umodzi ubala kawiri: tirigu amafesedwa mu Okutobala, agona pansi pa cisanu, nadulidwa mu Juni, ndipo masiku omwewo cimanga cilowa m'malo mwake. Henan yekha ali ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 100, ndipo akolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a tirigu yense wa m'dzikomo.

Mbeu ziwiri pa caka zimamwa madzi ambiri kuposa amene mvula ya kuno ipatsa. Kwa zaka zambiri alimi ndi mizinda anapopa madzi a pansi, zitsime nkumatsikiratsikira caka ndi caka. Ncifukwa cake boma linakumba ngalande ya makilomita oposa 1,200 yocokera ku damu la Danjiangkou kumwera, imene inayamba kupereka madzi ku Beijing mu Disembala 2014.

Pafupi ndi Zhengzhou sitima iwoloka Huang He, ndiko kuti Mtsinje Wacikasu, wa makilomita oposa 5,400. Madzi ake ndi matope okhaokha. Matopewo akamakhazikika pansi mtsinje umakwera, anthu nkukweza zipupa zouchinga, mtsinje nkukweranso, mpaka pa mzinda wa Kaifeng madzi amayenda mamita angapo pamwamba pa misewu ya mzindawo. Zipupa zikagumuka imakhala imfa. M'caka ca 1938 boma la nthawiyo linazigumula dala pa Huayuankou pofuna kuimitsa asilikali a Japan, ndipo anthu wamba zikwi mazanamazana anafa ndi madzi, njala ndi matenda. Bvuto linanso linaoneka mu 1997, pamene mtsinje waukulu cotere unalephera kufika kunyanja masiku 226 cifukwa cakuti madzi anali kuthera m'minda ya kumtunda.

ZALA 18 ZA KU XIAOGANG

Mlendo wofuna kumvetsa mbiri ya alimi a ku China ayenera kupatukira kumwera ca kum'mawa, ku cigawo ca Anhui, m'boma la Fengyang. Kumeneko kuli kamudzi kochedwa Xiaogang.

Mu 1958 boma la Mao Zedong linasonkhanitsa alimi onse m'magulu akuluakulu ochedwa makomyuni. Munda wa banja unatha, ndipo m'malo ambiri ngakhale kuphika pa nyumba kunatha. Malamulo a kalimidwe anali kucokera kutali, amodzimodzi kwa wa m'dambo ndi wa m'phiri: limani mozama, bzalani mothithikana, iphani mpheta, siyani makasu mukasungunule citsulo. Mpheta zitatha tizilombo tinacuruka. Akuluakulu a m'zigawo, poopa kuoneka olephera, anatumiza malipoti a zokolola zimene kunalibe, ndipo boma linatenga gawo lake molingana ndi malipoti abodzawo. Njala imene inatsatira, kuyambira 1959 kufikira 1961, iri pakati pa njala zoopsa koposa m'mbiri ya anthu. Akatswiri asiyana pa ciwerengero, ena ati mamiliyoni 15, ena ati 30, ena kuposa apo. Anhui, Henan ndi Sichuan ndizo zina mwa zigawo zimene zinaika maliro ambiri.

Makomyuni anapitirira zaka zina 20, ndipo a ku Xiaogang anali kudziwika ndi kupemphetsa. Kumapeto kwa 1978 amuna 18 a m'mudzimo anakumana mobisa nagwirizana kugawana munda wa gulu, banja lirilonse cigawo cake, lipereke gawo la boma, zotsala zikhale zake. Unali mlandu waukulu. Anadinda zala pa pepala, nalonjezana kuti atsogoleri ao akamangidwa, otsalawo adzalera ana ao kufikira zaka 18. Zokolola za 1979 zinaposa kutalitali za zaka zam'mbuyo, pa dothi lomwelo ndi makasu omwewo. Boma la Deng Xiaoping linabvomereza njirayi, ndipo pofika 1984 makomyuni anali atatha pafupifupi m'dziko lonse. Nthaka siinasanduke ya munthu payekha: ikali ya mudzi, banja limangopatsidwa kuti lilime kwa zaka zowerengeka. Owerenga amene akhala pa malo a mafumu sadzaona cacilendo kwenikweni pamenepa.

DOTHI LIMENE LINALI KUTHAWA

Funso limene mlendo anali nalo pa mlatho wa Zhengzhou, lakuti matope onse aja acokera kuti, liyankhidwa akalowera kumadzulo, ku cigawo ca Shaanxi. Alendo ambiri amatsikira ku Xi'an kukaona zifaniziro zikwi zambiri za asilikali zoumba ndi dothi, zimene zinakwiriridwa pafupi ndi manda a mfumu yoyamba ya China zaka zoposa 2,200 zapitazo. Anazitulukira ndi alimi amene anali kukumba citsime mu 1974. Koma wokonda za ulimi apitirire kumpoto, ca ku Yan'an.

Dera limeneli ndi mtunda waukulu, wocepa pang'ono kwa Zambia, wa dothi lacikasu losalala ngati ufa, limene mphepo inaunjika kwa zaka zosawerengeka. Ndi lofewa kotero kuti anthu amaboola nyumba m'mbali mwa zitunda, zochedwa yaodong, zozizira bwino m'nyengo yotentha ndi zofunda m'nyengo yacisanu. Cakudya cakale ca kuno ndi phala la mawere. Kufewa komweko ndiko kunali tsoka lake. Mitengo itadulidwa, zitunda zitalimidwa mpaka pamwamba, mbuzi zitadya kaudzu kalikonse, mvula iriyonse inali kung'amba zigwembe zakuya ngati nyumba zosanja. Mtsinje Wacikasu unali kunyamula matani pafupifupi mamiliyoni 1,600 a dothi pa caka.

Kuyambira 1994 boma, mothandizana ndi World Bank, linayamba nchito yokonza dera limeneli, ndipo mu 1999 linakhazikitsa lamulo lakuti mlimi wosiya kulima pa malo otsetsereka kwambiri nabzalapo mitengo kapena udzu alipidwe dzinthu ndi ndalama. Zitunda zotsetsereka pang'ono zinasemedwa kukhala minda ya masitepe. M'zigwembe anamangamo timadamu togwira matope, matopewo nkusanduka madimba. Cimene cinawawa anthu koposa cinali ciletso ca kutayirira mbuzi: mwini mbuzi anayenera kuzitsekera m'khola ndi kuzimwetera udzu. Panali kudandaula, ndipo m'malo ena mitengo yobzalidwa inali yosayenera dera louma, nimwa madzi a m'nthaka. Ngakhale ziri tero, zitunda zimene zinali mbee zinabiriwira, matope a mu mtsinje anacepa kwambiri, ndipo Shaanxi anasanduka cigawo cotsogola pa maapulo. Amene anaona mmene zigwembe zimadyera minda ya m'mphepete mwa mapiri a kuno kwathu angadziwe kukula kwa nchito imeneyi.

KUMADZULO KOPANDA MVULA

Pa Xi'an njira zisiyana. Ina ipyola cigawo ca Gansu kumka ku Xinjiang, dera lotenga gawo limodzi mwa magawo 6 a dziko lonse. Ku Turpan mvula ya caka cathunthu siifika ngakhale mamilimita 20, komabe kuli minda ya mphesa. Makolo a kumeneko anakumba mizere ya zitsime, nazilumikiza ndi ngalande za pansi pa nthaka zochedwa karez, kuti madzi a cipale cosungunuka m'mapiri afike kuminda dzuwa lisanawamwe. Xinjiang ndiye alima pafupifupi thonje lonse la China. Anthu ambiri a kumeneko ndi a mtundu wa Uyghur, Asilamu, odya nyama ya nkhosa ndi buledi wootcha. Dziko lonse liyendera nthawi imodzi ya ku Beijing, motero ku Kashgar m'nyengo yacisanu dzuwa limaturuka koloko itakwana 10. Nkhani ya anthu amenewa iri ndi mbali yowawa: mu Ogasiti 2022 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti ambiri anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo boma la China linakana lipotilo.

Njira ina ikwera ku Qinghai ndi Tibet. Njanji yofika ku Lhasa inatsegulidwa mu Julayi 2006, ndipo pa Tanggula imakwera mamita 5,072, kumene mpweya ndi wocepa kotero kuti m'mabogi amaonjezeramo wina wopumira. Mlendo wa kunja safika ku Tibet popanda cilolezo capadera. Kuno cimanga ndi mpunga sizimera m'malo ambiri. Anthu amakazinga barele, kumupera, ndi kukanda ufawo ndi tiyi wothira mafuta a mkaka. Cuma cao ndi ng'ombe za ubweya wautali zochedwa yak, zimene ndowe zake ndizo nkhuni. Anthu a m'dera la Tibet safika mamiliyoni 4, koma m'mapiri a Qinghai ndimo mucokera Huang He, Yangtze ndi Mekong, mitsinje imene imwetsa anthu mamiliyoni mazanamazana.

NGALANDE YA ZAKA 2,000

Njira yacitatu yocokera ku Xi'an iboola mapiri a Qinling kumka kumwera. Mapiri amenewa, pamodzi ndi mtsinje wa Huai, ndiwo agawa China wa tirigu ndi China wa mpunga. Sitima ikaturuka m'mphanga yomaliza mlendo aona nsungwi, nkhungu ndi minda yodzala madzi. Wafika ku Sichuan, kwao kwa tsabola wowawa ndi nkhumba.

Pafupi ndi Chengdu pali nchito imene mlimi aliyense wa dimba angakonde kuiona. Mtsinje wa Min umatsika m'mapiri ndi ukali, ndipo kale unali kumiza cigwa nthawi ya mvula ndi kucisiya couma nthawi ya cilimwe. Ca m'ma 256 Kristu asanabadwe, kazembe wa cigawoco, Li Bing, sanauchinge ndi damu ai. Anamanga kacisumbu kosongoka pakati pa mtsinje ndi mitanga ya nsungwi yodzaza miyala, kuti madzi agawike pawiri. Mbali ya ku minda anaikumba mozama koma mopapatiza, mbali inayo motambalala koma mosazama. Motero madzi akacepa, ambiri amalowera ku minda, ndipo akasefukira, ambiri amapitirira ndi mtsinje. Ca kumunsi anasiya khoma lalifupi pamene mcenga ndi madzi opitirira muyeso amatayikira. Kenaka anang'amba mpata m'thanthwe, poliotcha ndi moto ndi kulithira madzi ozizira kufikira litasweka, pakuti wonga kunalibe.

Malo amenewa ndi Dujiangyan, ndipo amathirira mahekitala oposa 600,000. Anapirira ngakhale civomezi ca pa 12 Meyi 2008 cimene cinapha anthu pafupifupi 70,000 m'dera lomwelo. Cinsinsi cake siciri pa nzeru za Li Bing zokha. Caka ndi caka, madzi akacepa, anthu anali kupatutsa mtsinje, kucotsa mcenga kufikira pa cizindikiro cokwiriridwa pansi, ndi kukonza mitanga yoola. Mafumu anasintha, nkhondo zinabwera ndi kupita, koma nchito ya caka ndi caka imeneyi inali kubwereranso.

KUTSIKA NDI YANGTZE

Kucoka ku Chongqing munthu angatsike pa sitima ya pamadzi ndi mtsinje wa Yangtze, wa makilomita 6,300, kufikira pa damu la Three Gorges m'cigawo ca Hubei. Linayamba kumangidwa mu 1994, ndipo makina ake onse anayamba kugwira nchito mu 2012. Mphamvu yake ya magetsi iposa ya Kariba pafupifupi ka 10. Pa Kariba anthu a mtundu wa Citonga okwana 57,000 anasamutsidwa, ndipo kudandaula kwao sikunathe mpaka lero. Pa Three Gorges anasamuka anthu oposa miliyoni imodzi, kusiya minda ya m'mphepete mwa mtsinje ndi manda a makolo pansi pa madzi.

Kumwera kwa Hubei kuli Hunan, kumene mpunga ungakololedwe kawiri pa caka. Kumeneko ndiko kunagwira nchito Yuan Longping, mphunzitsi wa za ulimi amene anaona njala ya 1960 ndi maso ake. Akatswiri ambiri anali kunena kuti mpunga sungakhale ndi mbeu ya haibridi, pakuti duwa lake limadzibereketsa lokha. Mu 1970 anzake a Yuan anapeza mpunga wa kuthengo pa cisumbu ca Hainan umene unatsegula njira, ndipo mu 1973 mbeuyo inatheka. Inali kubala pafupifupi matumba 6 pamene yakale inali kubala 5. Monga alimi amene anabzalapo cimanga ca SR52 adziwa, mbeu yotere imafuna kugula yatsopano caka ciriconse. Yuan anamwalira mu 2021, ndipo makamu a anthu anadzaza miseu ya Changsha kudzamulira.

KUMENE ANA A ALIMI ANAPITA

Cinthu cimodzi mlendo amaciona m'midzi ya Henan, Sichuan ndi Hunan mofanana: m'minda muli nkhalamba, pa khomo pali ana, koma anyamata ndi atsikana kulibe. Munda wa banja kawirikawiri sufika hekitala imodzi, ndipo sungasunge onse. Kumene anapita kudziwika sitima ikafika ku Guangdong, m'mphepete mwa nyanja ya kumwera. Sitima yothamanga imayenda makilomita pafupifupi 2,300 kucokera ku Beijing kufika ku Guangzhou m'maola 8 okha, mtunda woposa wa Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam.

Guangdong anali ndi anthu mamiliyoni 126 mu 2020. Shenzhen, imene inali tauni yaing'ono pakati pa midzi ya alimi ndi asodzi pamene inapatsidwa malamulo apadera a malonda mu 1980, inali ndi anthu oposa mamiliyoni 17. Mafoni, nsapato ndi ziwiya zambiri zogulitsidwa m'misika ya Lusaka ndi Chipata zimapangidwa m'cigawo cimeneci, ndipo amalonda a ku Africa amafika ku Guangzhou kudzapikula. Mafakitale ndi nyumba zinadya minda yacondeyo mofulumira kotero kuti boma linaika malire akuti malo olima m'dziko lonse asacepere mahekitala mamiliyoni 120. Mu 2006 linathetsanso msonkho wa pa munda, umene alimi a ku China anaupereka zaka zoposa 2,000. Komabe dzikoli limagula soya wambiri kunja, makamaka ku Brazil, wodyetsa nkhumba zake.

Anchito ocokera kumidzi m'dziko lonse ali pafupifupi mamiliyoni 300. Ambiri a iwo analembedwa m'kaundula wa kumudzi kwao, ndipo cifukwa ca ici kwakhala kobvuta kuti ana ao alowe sukulu za boma za mumzinda. Ndico cifukwa cake ana amatsala ndi agogo. Makolo amawaona kamodzi pa caka, pa cikondwerero ca Caka Catsopano ca Cichaina, cimene cimagwa mu Januwale kapena Febuluwale. Masiku amenewo masiteshoni a Guangdong amadzala anthu osenza zikwama ndi mphatso. Mu 2008 cipale cinatseka njanji, ndipo anthu zikwi mazanamazana anagona panja pa siteshoni ya Guangzhou masiku angapo, osafuna kubwerera.

Amene kwao nkumpoto akafika amakhala pansi ndi banja kukulunga nyama m'timapepala ta ufa wa tirigu, cakudya cochedwa jiaozi. Amene kwao nkumwera amapeza mikate ya mpunga womata itaphikidwa kale. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amakweranso sitima, ambiri m'bandakuca ana akali m'tulo, m'zikwama muli nyama yofutsa ndi tsabola wa kumudzi.